Mpando wa Arefa

Komiti yolangiza khonsolo ya mzinda pa za chilengedwe inali ndi mipando isanu ndi iwiri, ndipo umodzi unali wopanda munthu. Inali komiti yongodzipereka. Munalibe malipiro, munalibe galimoto, munali tiyi wa m'fulasiki chabe ndi kachipinda kapamwamba pa laibulale, komwe zenera lake silinkatsekeka bwino. Komabe khonsolo isanadule mtengo wa mumsewu, isanasamutse dzala, isanalole munthu kumanga pafupi ndi mtsinje, inkayamba yamva kaye maganizo a anthu amenewa. Nthawi zina inkawamvera ndithu.

Wapampando anali mayi amene mzinda wonse unkangowatcha Anesi, ngakhale kuti yunifomu anaivula kalekale. Anali munthu wosazengereza. Pa zaka zonse zimene anagwira ntchito m'chipatala sanachedwetsepo jakisoni chifukwa choti wodwala akulira, ndipo misonkhano ankaiyendetsa chimodzimodzi. Ndiye mlendo akanadabwa kuona kuti kankhani kopeza membala mmodzi kakuwatengera miyezi. Amene ankadziwa mwini mpandowo sankadabwa, chifukwa unali mpando wa amuna a Anesi omwewo.

Amuna awowo ndi aja Arefa. Ntchito yawo yeniyeni inali ya ku positi ofesi, koma palibe ankaikumbukira. Anthu ankakumbukira wenzulo. Loweruka lililonse, kwa zaka zambirimbiri, ankaimbira mpira m'mabwalo a fumbi, atavala kabudula wakuda ndi nkhope ya munthu amene sanasekepo chibadwire. Atasiya za mpira analowa m'komiti, ndipo analowamo ndi khalidwe lawo lonse. Anapeza mamembala akuweruza mitengo ali chikhalire m'chipinda, akuloza pamapu uku akupemerera tiyi. Zinawanyansa. Anati refa saimbira mpira ali kunyumba kwake, ndipo anakakamira mpaka komiti inavomera lamulo lakuti nkhani iliyonse, kaya ya mtengo kaya ya ngalande, mamembala onse apite akaime pamalopo ndi mapazi awo, akaone, akanunkhize, kenako alankhule. Membala wophonya maulendo atatu otsatizana atule pansi udindo, popanda kuchonderera. Lamuloli linasesa alesi angapo, ndipo Anesi ankanena poyera kuti amuna awo amalinyadira kuposa ana awo enieni.

Kenako kunabwera sitiroko. Inawapeza m'mawa wina akumanga zingwe za nsapato, n'kuwasiya mwendo wamanzere ukukhwekhwereza, dzanja lili lende, lilime litalemera. Mutu unali bwinobwino, koma mawu ankatuluka limodzilimodzi ngati madzi a pampopi tsiku limene avuta. Ulendo woyamba anauphonya ali m'chipatala, wachiwiri ali pabedi kunyumba. Wachitatu unali wa kumtsinje, kotsetsereka, komwe chikuku sichikanafika. Madzulo a tsikulo anaitana akazi awo n'kuwauza, akupumira pakati pa mawu, kuti maulendo akwana ndipo mpando aupereke kwa wina.

Anesi anawauza kuti asiye zocheza. Mamembala anabwera onse kudzawazonda, ndipo Atelala, wachiwiri kwa wapampando, bambo wa mtima wofewa ngati nsalu yochapachapa, anati lamulo analipanga ndi anthu ndipo anthu omwewo angathe kulipinda pang'ono. Anati komiti ikhoza kumasankha maulendo a pamsewu wa tala okhaokha, koyendeka ndi chikuku. Arefa anawayang'ana ndi diso lija ankayang'anira osewera odzigwetsa dala. Anati mitengo ya kumtsinje sinalakwe kanthu kuti isiyidwe chifukwa cha mwendo wa munthu mmodzi. Atelala potuluka anapukusa mutu, n'kunong'oneza anzawo kuti sanaonepo refa akudzionetsa yekha kadi yofiira.

Anesi sanatsutse pamaso pa anthu, koma mumtima anali atakana. Odwala otere anawaona ambiri, ndipo ankadziwa kuti si sitiroko imene imawamaliza. Chimawamaliza ndi kudzuka m'mawa n'kupeza kuti palibe akuwadikira kwina kulikonse. Munthu amayamba ndi kusiya kufunsa kuti lero ndi lachingati, kenako amasiya kutsegula makatani, kenako basi. Amuna awo analibe dimba, analibe kwaya, ana anali kutali ndi mabanja awo. Anali ndi komiti yokhayi. Choncho Anesi anatsimikiza kuti malinga ngati mpando uja uli wopanda munthu, Arefa ali ndi kobwerera. Powapatsa kampira kofinya kolimbitsira dzanja ankati, "Finyani, abambo, mpando ukukudikirani." Arefa ankangofinya.

Khonsolo inalengeza za mpandowo pawailesi, ndipo anthu anabwera ndithu, ochuluka kuposa mmene Anesi ankafunira. Ankawafunsa mafunso m'kachipinda kaja, iwo ndi Atelala. Kunabwera bambo wa digiri ya zachilengedwe amene anayankha zonse mosadodoma, koma Anesi anati wabwera ndi nsapato zoyera, ndipo munthu wa nsapato zoyera sangatsikire kumtsinje. Kunabwera abusa opuma pantchito, Anesi n'kuti amenewo akayamba kulankhula mtengo udzauma wokha komiti isanagamule. Mayi wina wa ku banki anagwa mayeso chifukwa foni yake inalira. Bambo wina wofatsa, wokonda kuonera mbalame, analibe pomugwira paliponse, moti Anesi anangonena kuti akuoneka ngati munthu wosachedwa kudwala chimfine.

"Amayi," anatero Atelala akupukuta magalasi awo, "tikufuna membala kapena mkamwini?"

Anesi anawayankha kuti asamale za mabatani, za komiti azisiye kwa wapampando. Atelala sanakwiye. Anawadziwa awiriwa kuyambira kale, suti ya ukwati ya Arefa anasoka ndi iwo, ndipo ankaona bwino lomwe chimene chinkachitika.

Kunyumba Anesi analakwitsanso china, ndipo anachilakwitsa ndi mtima wabwino, monga zimakhalira zolakwa zambiri za m'banja. M'chipatala anaphunzira kuti munthu wa vuto la kuthamanga kwa magazi sapsetsedwa mtima, choncho nkhani za komiti anasiya kulowa nazo m'nyumba. Kale akamachokera ku ulendo, awiriwa ankakangana kuyambira pageti mpaka mbale zitatsukidwa, ndipo aneba ankadziwa mtengo umene uli pamlandu sabata imeneyo popanda kufunsa. Tsopano Arefa akafunsa, Anesi ankangoti zayenda bwino, n'kuwakonzera pilo. Alendo nawonso ankalowa monyang'ama, kulankhula motsitsa, kugwedezera mutu chilichonse. Arefa akayamba chiganizo, wina ankawamalizira mwachifundo, kawirikawiri molakwika, iwo n'kungozisiya. Munthu amene moyo wake wonse anatukwanidwa ndi bwalo lathunthu n'kukagona tulo tabwino, tsopano aliyense ankangomuuza kuti zoona, zoona. Pang'ono ndi pang'ono anasiya kufunsa. Kampira kaja kanagubudukira kuseri kwa sofa, ndipo sanakafunefune. Anesi ankaziona zonsezi ndipo mantha awo ankakula, koma mankhwala amene ankawadziwa anali omwewo, kusunga mpando ndi kusunga bata.

Ndiye kunabwera foni yochokera ku ofesi ya khonsolo. Mkulu wa kumeneko analankhula mwaulemu kwambiri, ulemu uja umakudziwitsa kuti zakuthina. Anati mwezi ukatha mpando ukadali wopanda munthu, khonsolo idzaikapo yokha wina wa muofesi. Anesi ankawadziwa anthu a muofesiwo. Sanali oipa, kungoti mitengo ankaionera pawindo la galimoto.

Sabata yomweyo ndi pamene Amisomali anabweretsa dzina lawo.

Amisomali anali mayi wa shopu ya hadiweya, yogulitsa misomali ndi zomangira, pamphambano ya msewu wa kumsika, ndipo dzinalo anawapatsa chifukwa cha malonda awo komanso chifukwa cha pakamwa pawo. Kutsogolo kwa shopuyo kunali mkuyu waukulu. Mizu yake inang'amba khonde, nkhuyu zake makasitomala ankazipondaponda n'kulowa nazo mkati, ndipo mbalame zinkaipitsira mawilibala atsopano amene ankaikidwa panja kuti anthu aziona. Chaka chilichonse Amisomali ankapempha kuti mtengowo udulidwe, chaka chilichonse komiti inkapita kukaima pansi pake, ndipo chaka chilichonse iwo ankatuluka manja ali m'chiuno n'kukangana ndi Arefa mpaka mabasi kumachepetsa liwiro kuti okwera amve nawo. Mkuyu unkapulumuka. M'nyumba mwa Anesi, dzina la mayi ameneyu likatchulidwa patebulo, chakudya chinkatha kukoma.

Ku mafunso Amisomali analowa atavala chijasi chabuluu cha kuntchito, tepi yoyezera ili m'thumba, ndipo anakhala pansi asanauzidwe. Atafunsidwa chimene akufunira mpando, anati komiti yadzaza ndi anthu okonda mitengo imene ili pakhomo pa anzawo. Anati palibe mmodzi mwa iwo amene anasesapo nkhuyu zophwanyika m'mawa uliwonse, kapena kuona kasitomala wokalamba akupunthwa pamuzu. Anati iwo sadana ndi mitengo, amadana ndi anthu oweruza n'kubwerera kwawo. Atelala anabisa kuseka ndi chikhatho. Anesi anathokoza mouma, ndipo chitseko chitangotsekeka anati ameneyu ndiye ayi, ngakhale khonsolo itabwera ndi apolisi.

Anafika kunyumba mtima ukadali wotentha, moti anaiwala lamulo lawo la bata. Arefa anali pampando wawo wa pazenera, bulangete pamiyendo, akuyang'ana mpanda. Anesi anaponya chikwama pasofa n'kuwauza zonse, za chijasi, za tepi, za mawu aja okhudza mitengo ya pakhomo pa anzawo. Ankayembekezera kuti amuna awo aseka, kapena afwenthera mwaukali monga ankachitira kale. Atatembenuka anapeza kuti Arefa asiya kuyang'ana mpanda ndipo akuyang'ana iwo.

"Atengeni."

"Ndani? Amisomali?"

"Omwewo."

"Abambo, mankhwala a masana mwamwa? Mayi amene uja akalowa m'komiti, mzinda uno udzatsala mbee, wopanda ndi mthunzi womwe."

Arefa anakweza dzanja labwino, chizindikiro chawo chakuti adikiridwe. Anatenga nthawi. Anati pa zaka zonse zimene komiti yakhala ikuyenda, odandaula ambiri akaona mamembala akubwera amatseka chitseko n'kumasuzumira pakatani, kapena amatuma wina. Amisomali okha ndiwo ankatuluka, kuima pansi pa mtengo, n'kunena zimene akuganiza pamaso pa anthu. Chaka china kunagwa mvula yamphamvu, mamembala ena n'kuthawira pakhonde, ndipo pansi pa mkuyu panatsala anthu awiri okha, iwo ndi Amisomali, onyowa mpaka m'kati, akukanganabe. Anati munthu wotero sangaphonye ulendo.

Kenako ananena china, ndipo ichi anachinena osayang'ana kumbali.

"Mpando uja, mayi... mukuusunga ngati bedi la wodwala. Ine sindibwererako. Mukudziwa... kuposa ine."

Anesi anakhala pamphepete pa sofa. Ankadziwadi. Mwendo uja anauona tsiku lililonse pousambitsa, ndipo sanali munthu wodzinamiza pa za miyendo. Chimene anachibisa miyezi yonseyi chinatuluka chokha.

"Ndikaupereka, inu muzidzukira chiyani m'mawa?"

Arefa sanali munthu wotonthoza ndi bodza. 

"Kaya," anatero. "Sindikudziwa. Koma uperekeni."

Anesi anawakwiyira madzulo amenewo, mkwiyo wa munthu amene akuopa. Anagundanitsa mapoto kukhitchini kuposa mmene kuphika kunkafunira. Koma ankadziwanso kuti liuma limeneli ndi lomwe anawakondera ali mtsikana, tsiku limene anawaona akutulutsa m'bwalo mwana wa abwana awo a ku positi ofesi popanda kuphethira. Ndiponso chinali chinthu choyamba chimene amuna awo anawapempha chidwalire. Pamsonkhano wotsatira anatchula okha dzina la Amisomali, ndi nkhope ya munthu womeza kwinini. Atelala anavomereza mwachangu asanasinthe maganizo, ndipo ena onse anakweza manja.

Uthenga anakapereka okha kushopu. Anapeza Amisomali akuyeza misomali pasikelo, ndipo anawauza ali chiimire kuti mpando ndi wawo, ulendo woyamba ndi Loweruka, ndipo nkhani ya mkuyu ikadzabweranso iwo sadzavota nawo. Amisomali anati voti angawalande koma pakamwa adzakhala napo. Kenako anafunsa kuti nzeru yowasankha inachokera kwa ndani, poti ankadziwa bwino kuti si kwa wapampando. Anesi ananena zoona. Amisomali anabweza misomali ingapo m'bokosi ngati kuti sikelo yalakwitsa. Anafunsa kuti bambowo akupeza bwanji. Anesi anati ali bwino, monga ankayankhira aliyense.

Sanali bwino. Atamva kuti mpando wapita, Arefa anagwedeza mutu ngati munthu amene wamaliza ntchito yake, ndipo kuyambira pamenepo anakhala chete kuposa kale. Lachisanu anauza akazi awo kuti jombo zawo za maulendo azipereke kwa wina amene zingamukwane, zisangoola pachabe. Anesi anati amva. Anazitenga n'kukazibisa pansi pa kabati ya kuchipinda, kuseri kwa masutikesi, ndipo anakhalako kanthawi asanatuluke kuti amuna awo asaone maso awo. Anali atachita zimene anapemphedwa, ndipo zimene ankaopa zija zinkachitika pamaso pawo.

Ulendo wa Loweruka unali wa ku sukulu ya mkaka ya kuseri kwa siteshoni ya mabasi. Kumeneko kunali jakaranda wamkulu wopendekera kumpanda wa sukuluyo, ndipo makolo anapempha kuti adulidwe. Amisomali anafika woyamba, atavala jombo. Komiti inazungulira mtengo monga mwa lamulo. Sipanafunike katswiri. Tsinde linali ndi mphanga yoti mwana angabisalemo, khungwa linkayoyoka ukalikhudza, ndipo nthambi yaikulu inali pamwamba penipeni pa malo osewerera. Anesi analowetsa dzanja m'mphangamo n'kutulutsa zofumbwa zokhazokha. Amisomali anayeza apa ndi apo ndi tepi yawo, anaima manja m'chiuno monga mwa chizolowezi, anakoka mpweya wokwanira mkangano wa ola lathunthu, n'kunena kuti mtengowu udulidwe.

Atelala anati zoona. Wina anati palibe kuchitira mwina. Ena onse anagwedeza mitu, ndipo mmodzi anali atayamba kale kutsegula fulasiki.

Amisomali anayang'ana uyu, kuyang'ana uyo, mpweya uja ukadali m'chifuwa.

"Basi? Palibe wonditsutsa?"

Atelala anati nanga atsutse chiyani, mtengo wadzionetsa wokha kuti watha. Amisomali anati ndiye iwo savota lero. Anati chiyambire sananenepo kuti mtengo udulidwe popanda wina kuwabweza katatu kanayi, ndipo mfundo imene sinamenyedwe saikhulupirira, ngakhale itakhala yawo. Anati msomali umaudziwa kuti wagwira ukaugwedeza. Anapempha kuti voti idikire Lachiwiri, ndipo pakadali pano ana asasewere mbali imeneyo. Kenako anajambula mtengowo ndi foni mbali zonse, anathyola chidutswa cha khungwa, anakumba dothi la patsinde n'kuliika m'chitini cha penti chimene anali nacho m'galimoto. Atamaliza anapita kwa Anesi n'kufunsa kuti amuna awo amagona nthawi yanji masana, kuti asawapeze ali m'tulo.

Anesi anawauza, ndi mawu a kuchipatala aja, kuti wodwala safunika zomupsetsa mtima.

"Ine sindikubwera kudzazonda wodwala, amayi. Ozonda muli nawo ambiri. Ndikubwera kudzakangana."

Anesi anafuna kukana. Mawu okanira anali okonzeka kale pakamwa, ndipo anali ndi zifukwa zabwino zonse. Koma anakumbukira kuti bata lonse limene anasunga silinabweze ngakhale mawu amodzi, ndipo anali atatha nzeru. Anati abwere dzuwa likapendeka, koma akaona kuti zafika poipa awatulutsa okha.

Amisomali anafika ndi chitini chawo cha penti. Sanalowe monyang'ama. Sanafunse za mwendo, sananene kuti pepani, sanatsitse mawu. Anapereka moni wachidule, anakoka kampando n'kukhala moyang'anizana ndi Arefa, ndipo anakhuthulira khungwa ndi dothi panyuzipepala, patebulo pomwe Anesi anali atangopukuta. Anaika foni m'dzanja labwino la Arefa n'kuwauza kuti jakaranda wa ku sukulu ya mkaka akudulidwa Lachiwiri.

Arefa anayang'ana chithunzicho, kenako anakankha foni pang'ono. Anati iwo si membala, ndipo sanaime pamalopo, choncho alibe chonena.

"Voti yanu sindikuifuna, abambo. Voti ndi yanga tsopano, munandipatsa nokha. Ndikufuna mundionetse pamene ndalakwitsa. Ngati mungathe."

Anesi anaona nsidze za amuna awo zikukwera. Anapita kukhitchini kukatereka madzi, koma chitseko anachisiya chotsegula pang'ono, kuti zikavuta athamangire.

Poyamba kunkamveka mawu a Amisomali okha. Kenako Arefa anafunsa, mwapang'onopang'ono, ngati mphangayo yafika mbali zonse ziwiri za tsinde. Amisomali anati funso limenelo ndi la munthu wofuna kutaya nthawi. Arefa anayamba kunena za kudula nthambi yokha n'kusiya tsinde, koma asanafike pakati Amisomali anawadula pakamwa. Sanawamalizire chiganizo mwachifundo ngati alendo ena aja. Anangochiponda n'kudutsa, kunena kuti nthambi si vuto, vuto ndi anthu okonda mitengo kuposa ana a anzawo. Arefa anayesanso, iwo n'kuwadulanso. Anesi anamva magazi awo omwe akuthamanga. Anaika makapu pathireyi mofulumira, atatsimikiza kuti akafika pabalaza mayi ameneyu anyamula chitini chake.

Ali pachitseko anamva chikhatho cha Arefa chikumenya pampando, phaa, ngati wenzulo.

"Mudikire ndimalize, mayi inu. Mtengo umenewo ndinaudziwa musanatsegule shopu yanu, unapendekeka choncho kuyambira kalekale ndipo sunagwerepo munthu, ndiye musabwere m'nyumba mwanga ndi dothi la m'chitini kudzandiuza kuti mwauyeza."

Mawu ena anatuluka opindika, ena anagundana, koma chiganizocho chinafika kumapeto chathunthu, osapumira panjira. Amisomali sanachiyamikire n'komwe. Anati kupendekeka kwa kale si umboni, nawonso khonde lawo linali labwino kalekale. Arefa anati abweretse chithunzi cha mbali ya kumpoto. Amisomali anati ndi chomwe ali nacho m'manjacho, avale magalasi. Arefa anati Lachiwiri lisanafike akajambulenso bwino, chifukwa ichi wajambula ndi munthu amene anagamula kale mlandu. Amisomali anati abwera nacho Lolemba, ndipo akonzekere kuchita manyazi.

Anesi anabwerera chambuyo n'kutula thireyi pafupi ndi sinki. Anakhala pakampando ka kukhitchini, dzanja lili pakamwa. Ankalira, ndipo ankasekanso, moti sakanatha kulowa pabalaza ndi nkhope imeneyo.

"Apampando," anaitana Arefa, "tabwerani mudzamve bodza ili."

Anesi anapukuta m'maso ndi kansalu kopukutira mbale, anakonza kukhosi, n'kuyankha kuti wapampando salowerera mikangano ya kunja kwa msonkhano, apitirize okha.

Anapitirizadi. Anesi anakhala pomwepo akumvetsera. Jakaranda uja anali wofunika kudulidwa, anamugwira ndi dzanja lawo m'mawa womwewo, ndipo Lachiwiri adzakweza nawo dzanja pamodzi ndi Amisomali. Amuna awo anali olakwa kotheratu. Koma ankalakwa mokweza, mwaliuma, mawu akuthamangitsana, ndipo Anesi sanamvepo chinthu chokoma chotero m'nyumba imeneyo chiyambire chaka.